Njovu pa nkhokwe yathu

Chaka chimene mvula inadula msanga, njovu zinayamba kulowa m'mudzi mwathu ku Chifunda dzuwa lili pamutu. Kale tikamenya zitini ndi kufukiza ndowe zosakaniza ndi tsabola, zinkabwerera kutchire. Koma chaka chimenecho madambo anauma, msipu unapsa, ndipo njala inazichotsa mantha.

Tsiku lina masana ndinali kupeta pakhomo, mwana wanga wamkazi atangofika kuchokera kusukulu. Atate ake anali atapita ku boma. Galu anangoti bwe kamodzi n'kuthawa. Pocheuka, ndinaona njovu yaikazi ndi kamwana kake zili kuseri kwa nkhokwe. Tinathamangira m'nyumba, ine n'kuchirikiza chitseko ndi munsi. M'nkhokwe imeneyo munali chimanga chonse chimene tinapulumutsa kumunda.

M'nyumba munatentha ngati mu uvuni. Ndinagwada pafupi ndi mng'alu wa chitseko, diso limodzi panja, pakamwa pemphero. Ndinaona chitamba chikusasula denga la nkhokwe.

"Amama, musalire," ananong'ona mwanayo. "Aphunzitsi akuti si ife tokha."

"Manje ndaninso wina amene nyama imam'tsekera m'nyumba yake yomwe?"

Anandiuza za dziko lakutali kumpoto, kumene kumazizira mpaka nyanja imauma pamwamba n'kukhala ayezi.

"Nyanja kuuma ngati mwala? Iwe, usaname tili pakati pa pemphero."

"Zoona, amama. Anthu amayendapo."

Anati kumeneko kuli chilombo choyera, chimbalangondo, chimene chimasaka chitaima pa ayeziyo. Chimadikira pa una kuti nyama zonona za m'madzi zitulutse mphuno kudzapuma, ndiye n'kuzigwira. Manje dziko likutentha, ayezi akusungunuka msanga ndipo akuchedwa kubwerera. Chilombocho chikasowa popondapo chimatuluka kumtunda chili ndi njala, n'kumakafukula kudzala m'midzi ya anthu. Amayi a kumeneko nawonso amatsekera ana m'nyumba.

Ine sukulu ndinalekeza ku pulaimale, za ayezi ndimangodziwa wa m'mafiriji a ku boma. Koma mayi wa kozizirako ndinamuona bwinobwino m'maganizo, ataima kuseri kwa chitseko chake monga ine. Kuti asamuke, apita kuti? Ifenso munda uli pano, manda a makolo ali pano. Kupha njovu ndi mlandu, ndipo ngakhale ukanapanda kukhala mlandu, ndinali kuona ndi maso anga nthiti za kamwana kake. Njovuyo inkatapa chimanga n'kumagwetsera kamwanako pansi. Ndinafuna kuitemberera, mawu anakana. Ndinangoti, "Ambuye, ana ndi anu onsewa. Mundisiyireko pang'ono chabe." Ndinam'pemphereranso mayi wa kozizira uja, ngakhale dzina lake sindilidziwa.

Tinakhala m'menemo mpaka mthunzi wa nyumba unafika pa mtondo. Ludzu linatigwira, koma mtsuko unali panja.

Njovu zitapita tinapeza nkhokwe itagona chammbali. Tinatola zitsononkho zoponderezedwa, ndi maso a chimanga m'fumbi, limodzilimodzi, anansi akutithandiza. Ndinathokoza Mulungu, pakuti tinatuluka amoyo ndipo chotsala chinalipo.

Chotsalacho tinachilowetsa kuchipinda, pansi pa bedi. Ndinkadziwa kuti njovu ikamva fungo la chimanga imagumula ndi khoma lomwe. Koma kwina kochiika kunalibe.