Galu amene sindinamusisitepo

Pamene ndinali mlonda pa loji ina kufupi ndi Mangochi boma, abwana anandipatsa galu wakuda kuti ndimuphunzitse kumvera. Loweruka alonda a malo oyandikana tinkakumana pabwalo la mpira kupikisanitsa agalu athu: kuyenda pambali pa mwendo, kukhala, kugona, kubwera akaitanidwa.

Anzanga galu akachita bwino ankamusisita pamutu, ena mpaka kulola kuti awanyambite kumaso. Ine ayi. Ndinakulira m'banja la Chisilamu, kumene malovu a galu ndi najisi, chinthu chodetsa munthu, ndipo sindinkafuna kumasamba ndi kusintha zovala nthawi ya mapemphero a swala ikakwana. Choncho ndinamuzoloweza belu la njinga. Akachita bwino ndinkaliza kawiri, n'kumuponyera usipa chapatali. Ankadya msangamsanga, n'kubwera kudzaima pafupi ndi bondo langa lamanzere, mutu ataweramitsa. Ndinkadziwa chimene ankadikira. Ndinkangopisa manja m'thumba.

Tinapambana kangapo. Anthu ankati galuyu ali ndi mwambo kuposa ana awo.

M'mawa wina njoka inamuluma kuseri kwa khitchini. Ndinamupeza akupuma movutikira, maso ali pa ine. Ndinathamangira njinga yanga, n'kuliza belu kawiri. Anagwedeza mchira kamodzi, basi. Mutu wake ndinaugwira koyamba pomuika m'dzenje, utazizira kale.

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika, wakabaza akaliza belu kawiri, dzanja langa limatsika lokha kufunafuna mutu pafupi ndi bondo. Limangogwira mphepo.