Tenti ya pa lole ya ku Ntchisi

Chaka chimene anzanga pa koleji anandisankha kukhala wowayankhulira kwa aphunzitsi, ndinanama bodza limene mpaka lero limandichititsa manyazi.

Tinkayenera kupita ku Ntchisi pa lole kukaona minda ya fodya, ndipo linali dzinja. Anzanga anandituma kukapempha kuti loleyo aifunditse tenti. Koma ine kwathu ndi ku Dowa, kufupi ndi ndende ya Dzaleka, ndipo ndinkadziwa kumene odandaula ankathera masiku amenewo. Ndinapemphera pakhomo pa ofesi, ndinagogoda, ndinalowa. Aphunzitsi atandifunsa chimene ndadzera, ndinangoti, "Ndimati ndikuoneni, bwana, ngati mwadzuka bwino."

Kwa anzanga ndinakanena kuti, "Akana."

Mvula inatipeza tikukwera mapiri. Aphunzitsi anatsika kutsogolo kwa lole n'kutipeza tikunjenjemera.

"Bwanji simunanene? Tenti ili m'sitolo, ikungodyedwa ndi makoswe!"

Maso onse anatembenukira kwa ine. Nachisale, mnzanga wa m'kwaya amene ankakonda kunditcha Abusa, anafinya chitenje chake nati, "Abusa, kodi munakapempha kwa aphunzitsi kapena kumwamba? Chifukwatu kumwamba atiyankha ndi madzi."

Ndinavomera pomwepo, madzi akuchucha m'mphuno. "Ndinachita mantha, abale. Sindinapemphe."

Ndinkayembekeza kuti andichotsa. Koma Nachisale anati, "Sachita mantha ndani? Mawa mupitanso, ine ndikaima pakhomo."

Ndinakagogodanso. Ambuye anatsegula pakamwa panga, ndipo ndinapempha tenti ija. Ulendo wotsatira tinayenda mkati mwa tenti, thukuta lili kamukamu, kunja dzuwa likuswa mtengo.