Mchere Unalibe Mlandu

Linali Lachitatu, nthawi itangopitirira 11 koloko m'mawa, pamene ndinaika diso langa pa maikulosikopu. Dzinalo sindinkalidziwa, ndinkangoti makina a kulabu, koyezera matenda kuchipatala. Apa n'kuti patatha miyezi itatu chiwaikire m'manda amuna anga.

Malemuwo ankagwira ntchito ya fodya ku Kanengo, ife tikukhala ku Mgona. Atayamba kukhosomola tinkati ndi fumbi la fodya. Kenaka anayamba kuonda, thukuta pogona, mpaka makhololo a magazi. Alamu anga, mlongo wawo wamkulu, anabwera kuchokera ku Chinsapo n'kungowayang'ana kamodzi.

"Ili ndi tsempho," anatero. "Alamu, mwayenda ndi ndani? Mwamudula mlongo wanga."

Kwathu amati mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kudzathira mchere m'ndiwo, a m'nyumba mwake amadwala chifuwa. Ine ndinalibe mwamuna wina. Ndinanena, koma sanandimvere. Odwalawo anawatengera kwa asing'anga. Kuchipatala anakaniza, ati jakisoni amamaliza munthu wa tsempho. Amuna anga anamwalira osayezedwa.

Kuyambira pamaliro sindinaloledwenso kugwira mchere. Ndinkaphika, ndiwo zikapsa n'kuitana mayi wa nyumba yoyandikana nayo kudzathira. Ndikafika pampopi, azimayi ankasiya nkhani zawo.

Ndiye mwana wanga wamkazi, amene anali folomu 2, anayamba kukhosomola chimodzimodzi. Alamu aja anabweranso, n'kukhala masiku.

"Ululani, timupezere mankhwala," anatero. "Sagwira ntchito wolakwa asanaulule. Mukauma mutu, uyunso mumuika."

Sindibisa, ndinaganiza zongonama, kutchula mwamuna aliyense, bola mwana akhale moyo. Ndinafika posankha dzina. Koma ndinadzifunsa kuti, ngati sindinachite, bodza lichiza chiyani? Lolemba m'mawa ndinauza alamu kuti tikupita kumsika, ine n'kupita ndi mwanayo kuchipatala. Anatipatsa timabotolo kuti alavuliremo makhololo.

Lachitatu lija ndinakatenga zotsatira. Anamwino anati ndi chifuwa chachikulu, chobwera ndi tizilombo, n'kundipatsa pepala. Ine sukulu ndinalekezera sitandade 3. Pepalalo ndinangoligwira, n'kupita pawindo la kulabu pamene tinasiya timabotolo. Panali mayi wina wojintcha, wovala gauni yoyera.

"Amayi, pepalali kunyumba akati mwangolemba," ndinatero. "Kodi tizilomboto inuyo munationa?"

"Ndinationa."

"Ndi maso?"

"Nanga ndi mphuno?" Anaseka, koma ataona kuti ine sindikuseka, anayang'ana pamzere. Panalibe munthu. "Lowani. Valani ichi kukamwa, ndipo musagwire kanthu."

Anaika kagalasi pansi pa makinawo, n'kupotokola pambali. Ndinawerama. Mdima wokhawokha.

"Sindikuona kanthu."

"Mungaone bwanji? Mwatsinzinatu maso onse awiri."

Anali mantha. Nditatsegula, ndinaona kuwala kozungulira, kwa mtundu wa buluu ngati chitenje chosuluka. Pamenepo panali timizere tofiira, ngati tizidutswa ta ulusi timene timagwa pansi kwa telala. Tina tinali patokha, tina titaunjikana.

"Miyendo yake ili kuti?" ndinafunsa.

"Mumayembekezera nsikidzi? Tilibe miyendo. Kufiirako ndatipaka utoto ndine kuti tioneke. Iti n'takufa, koma tinzake tili m'chifuwa mwa mwana wanu."

Ndinayang'ananso nthawi yaitali. Kenaka ndinafunsa chimene chinandipititsa pawindopo.

"Kodi mchere umabweretsa timeneti?"

Sanasekenso. Anali mayi wa konkuno, anadziwa chimene ndinkafunsa. Ndinamufotokozeranso za malemu amuna anga.

"Amayi, mchere ulibe mlandu. Timeneti timayenda mumpweya, wodwala akamakhosomola m'nyumba yotseka mawindo. Za amuna anu sindinganene, sindinawayeze. Koma mwanayu ayambe mankhwala lero, miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa. Inunso ndi ena onse a m'nyumbamo mubwere tikuyezeni."

Tsiku lomwelo mwana anayamba mankhwala. Madzulo ndinaphika usipa wa matimati. Utapsa sindinaitane munthu. Ndinatapa mchere ndi dzanja langa n'kuthira, alamu akuona.

"Mwayamba liti zimenezo?" anafunsa.

"Lero. Chimene chikudwalitsa mwana ndachiona ndi maso angawa. N'chofiira, chilibe miyendo. Tiyeni Lachisanu mukachione nanunso."

Sanapite, ndipo ndiwozo sanadye. M'mawa mwake anabwerera ku Chinsapo. Mpaka lero sanapepesepo, ine sindinawafunsenso.

Mapiritsi ndinkamupatsa ndekha m'mawa uliwonse, n'kumuyang'ana mpaka ameze. Pakutha mwezi wachiwiri anayamba kupempha chakudya chowonjezera. Miyezi itakwana tinaperekanso makhololo, ndipo mayi wa kulabu uja anandiitana yekha. Ndinayang'ana paliponse m'makina muja, buluu yekhayekha. Mwanayo anabwerera kusukulu, ndipo folomu 4 analemba.

Pampopi azimayi anayambanso kundilankhula, ena chonong'ona, ati mwamuna wanga akukhosomola, ndichite bwanji. Achipatala atafuna anthu odzipereka m'dera lathu, ndinakweza dzanja ngakhale sindilemba bwino. Mayina amandilembera mwana wanga.

Masiku ano ndimayenda m'makomo a ku Mgona ndi timabotolo. Lachiwiri ndi Lachisanu ndimanyamula bokosi la makhololo kupita nalo kulabu, ndipo zotsatira zikatuluka ndimakaperekeza odwalawo kuchipatala.