Pepala Limene Linadya Makina a Telala

Zoti a Ndionekaye, telala wa pakhonde la sitolo ya utoto uja, anagona m'chitokosi chifukwa chosindikiza mapepala abodza a ndalama, limenelo ndi bodza lamkunkhuniza. Munthu wolemba miyeso ya makasitomala pakhoma ndi choko, manambala ena chagada, angasindikize chiyani? Akufalitsa zimenezi ndi aja anawakaniza kusoka pangongole.

Dzinali analitola pantchito. Chiyambireni kusoka, sizasi yawo sinalumepo nsalu ndalama asanazione. Ukangoyamba zoti mawa, iwo amati, "Ndione kaye," maso ali pathumba lako. Ngakhale apongozi awo enieni anabwererapo nsalu ili kukhwapa. Munthu wake ngosakhazikika: tepi m'khosi, mapini pamilomo, ndipo akamadya phazi limapondaponda pansi ngati makina abwera nawo patebulo. Makinawo, akuda achikalekale, ndiwo anaphunzitsa ana onse, ndipo ankawapukuta kuposa mmene ankapukutira nkhope yawo.

Tsiku lina panatulukira bambo wina wonunkhira, nsapato zoti ungadziyang'anirepo. Anati akufuna mayunifolomu a alonda a kampani yake. M'malo mwa ndalama anatulutsa pepala lija amati mane oda, loti ukapita nalo kubanki amakuikira ndalama muakaunti. Zolembedwapo zinali zoposa mtengo wa ntchito.

"Akalaliki athu alakwitsa, madala," anatero wonunkhirayo. "Zapamwambazo mudzangonditumizira pafoni. Ine anthu ndimawakhulupirira."

"Ndione kaye," anatero a Ndionekaye.

Pepalalo analisita ndi ayironi kuti lisakachititse manyazi, n'kuthamanga nalo kubanki. Pamzere ankangosinthasintha miyendo ngati wofuna kukataya madzi. Atafika pawindo anasaina kumbuyo kwake, siginecha ya mchira wautali. M'mawa mwake foni inalira: ndalama zalowa.

"Amake mwana, taonani!" anatero, foni ili pamphuno pa akazi awo.

"Ndaona manambala, abambo. Ndalama sindinazione."

"Inu zakubanki munaziphunzira kuti? Zalowa basi!"

Kwa iwo kuona kunali kumeneko. Anatapa zapamwamba zija n'kutumizira wonunkhira. Zotsala anagulira mipukutu ya nsalu yabuluu. Sizasi inalira, khonde lonse mbwee zidutswa: manja uku, miyendo uko, makolala pamwamba pa zitini za utoto. Oyandikana nawo ankalonjeredwa ndi chibwano chokha.

Malaya oyamba asanalowe mabatani, kunabwera foni yochokera kubanki yoti afikeko msanga. Anawalowetsa m'kachipinda kozizira, momwe munali mayi wa magalasi ndi pepala lija lili patebulo, losalala bwino ndithu.

"Bambo, mane oda iyi ndi yabodza. Ndalama zimene munatapa mubweze."

"Yabodza bwanji, mayi? Ndinaziona ndi maso angawa! Si inu nomwe munanditumizira uthenga?"

"Tinakulolani kutapa tikudikira kuti pepala litsimikizidwe. Lakanidwa."

"Ndiye kagwireni mwini pepalayo!"

Mayiyo analitembenuza. "Kumbuyo kuno wasaina ndani?"

A Ndionekaye anayang'ana mchira wa siginecha uja. Anaimirira, anakhala, anaimiriranso. Anaimbira wonunkhira, foni inangoti nambalayi sikupezeka. Anaimbanso, ngati kuti nambala imachita manyazi ikaimbidwa kawiri.

Kupolisi anapitako ndithu, koma ndi miyendo yawo, kukadandaula. Anakhala pabenchi, anafotokoza, anatuluka dzuwa likuswa mtengo. Wogulitsa mabuku akale pamsewupo atawaona akutuluka, nkhani inamera mapiko, ndipo pofika pamsika inali itavala kale unyolo.

Masiku otsatira munthu sanakhalenso pansi. Ankazungulira m'misewu kufunsa kampani ya alonda imene palibe anaimvapo. Akamva fungo la perefyumu m'basi ankatembenuka khosi lonse, mpaka mayi wina anawafunsa ngati ali bwinobwino. Anayesa kugulitsa zidutswa zija, koma ndani angagule mwendo umodzi wa buluku? Kubanki nako foni sinkaleka, ulemu wake womwe uja, mawu ake omwe aja.

"Bwerekani kwa alamu anu," anatero akazi awo.

"Aja ndinawabweza ndi nsalu ya ukwati?"

"Nanga kwa amayi?"

Aliyense amene akanawakongoza anali atamvapo kale "ndione kaye," ndipo tsopano aliyense ankafuna kuona kaye.

Wogula makina anabwera ndi wilibala. A Ndionekaye anawathira mafuta komaliza, anamanga lamba wake bwinobwino, n'kuperekeza wilibalayo mpaka pamphambano akukalipira woyendetsa kuti azilambalala maenje. Pobwerera anaima pakhonde, pomwe miyendo ya makina inasiya timabowo pasimenti, osadziwa poika manja. Pano amakhala pa chitini cha utoto, akuika zigamba ndi singano yapamanja, ndipo wodutsa aliyense amamuyang'ana kunsapato.

A Ndionekaye sanabe kanthu ndipo sanamangidwe: anasaina pepala labodza la munthu wina, banki inafuna ndalama zake kwa wosainayo, ndipo analipira ndi makina awo.