Chala cha bambo pa patani ya kompyuta

Bambo anga anasoka zikwama zoberekera kumsana pakhonde lathu ku Kawale mpaka maso awo anayamba kuchita chifunga. Patani zawo zinali za mapepala a matumba a simenti. Akapeza chikwama chabwino pa kaunjika ankachiphwasula, n'kujambula zidutswa zake ndi choko, basi. Ine ndinkaona kuti ndi zachikale, ndipo sindinkabisa.

Chaka chimene ndinalowa m'malo mwawo pa makina, ndinabwereka laputopu kwa mlamu wanga wa ku Area 25. Ndinatha milungu itatu ndikusankha pulogalamu yojambulira patani. Ina inkafuna intaneti nthawi zonse, ina inkaumitsa laputopu ngati bulu wokana ngolo. Ndinakhazikika pa ina yaulere, yosaoneka bwino koma yomvera. Magetsi akazima ndinkangogwira tsaya. Kunena zoona, ndinatopa ndisanasoke n'chikwama chimodzi chomwe.

Bambo anali atatsala ndi ntchito imodzi yokha, kudula nsalu. Imeneyo manja awo ankaidziwa popanda maso, ndipo ndi imene inkawadzutsa m'mawa. Nditasindikiza patani ija n'kulumikiza mapepala ndi selotepu, ndinawasiyira pamodzi ndi nsalu ya tenti ya zikwama khumi, ine n'kupita m'tauni kukagula mazipi.

Sindinawauze kuti pulogalamuyo inali itawonjezera kale malo a msoko. Nawonso sanandiuze kuti podula amasiya chala chimodzi kuzungulira pepala lonse, poti kwa iwo sichinali chinthu chouza munthu. Mapepala awo a simenti analibe malo a msoko. Malowo chinali chala chawo chachikulu.

Ndinazindikira nditakhala pa makina, zipi ikukana kufika kumapeto. Chidutswa chilichonse chinali chitakula. Ndinawayang'ana bambo akupukuta sizasi monyadira. Masana atapita kukagona pang'ono, ndinatengera zonse kuseri kwa nyumba n'kuyamba kuchepetsa chimodzichimodzi, msana ukuwawa, mtima ukuwawa kuposa msanawo.

Sindinawamve akubwera. Anawerama, natola kansalu kamodzi mwa timene ndinkataya, n'kukayeza pa chala chawo. Kanakwana ndendende.

"Izi ndiye ziti?" anafunsa.

"Ndi kompyuta, bambo. Yaphonya saizi."

"Kompyuta ilibe sizasi, iwe."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Ndinawafotokozera zonse, kuti wolakwa ndine, kuti mawa azingotsata m'mphepete mwa pepala osasiya kalikonse. Anangogwedeza mutu. Munthu amene wadula ndi chala chake kuyambira ine ndisanabadwe, lero ndimuuze kuti achichotsepo?

M'mawa mwake ndinawayalira nsalu patebulo monga mwa masiku onse. Anaisisita kawiri, kenako anandikankhira sizasi.

"Dula wekha, mayi. Ine ndizikuitana kukabwera kasitomala."

Ananyamula mpando wawo n'kukakhala pageti.