Tsiku Limene Ndidayankha Foni ya Esinati

Sendezani mipando kuno, ana inu, ndiulule.

Mdzukulu wanga Esinati, amene ndidamulera ndekha kuno ku Makhuwira, adafunsira ntchito ya ulangizi kukampani ya makompyuta ku Lilongwe. Foni yake idapita ndi madzi osefukira, choncho adapereka nambala yanga.

Tsiku la intavyu ya pafoni adati, "Ambuya, ikalira mundiitane, ndikusamba."

Idalira. Ndidaopa kutsala ndekha m'nyumba muno. Ndidayankha ndi mawu anga a kutchalitchi, mpaka kugwada: "Pepani bwana, adakwatiwa ku Mozambiki."

Mwanayo adavala bulauzi yosita, nadikira pansi pa mtengo wa msawu mpaka dzuwa kupendeka, ine ndikumupatsira madzi akumwa.

Ntchitoyo adapatsa wina. Esinati adachokabe, amagulitsa matemba ku Nsanje, ndipo amati a kukampani aja adamuona kuti ndi mbuli. Ine ndimangoti, "Zimachitika, mwanawe."