Dikirani Pang'ono

Atate anga anabadwira m'komboni yathu ya Chawama, koma ankalankhula ngati agogo, amene anachoka ku Malawi kudzafuna ntchito. Ife tinkati vinthu, iwo ankati zinthu. Ndikawakoka malaya kuti tizipita, ankati, "Dikirani pang'ono, amayi," uku akumanga zingwe za nsapato mosafulumira. Anamwalira ndili giredi naini.

Chaka chotsatira ndinalowa kagulu ka atsikana ophunzira makompyuta Loweruka m'holo ya tchalitchi. Tinkathandiza kukonza pulogalamu ya pafoni youza anthu ngati madzi akutuluka pampopi wa m'dera lawo. Inalibe mwini mmodzi. Aliyense ankaloledwa kuikonza, koma palibe amene ankalowetsa yekha zimene wakonza. Unkatumiza pempho, lomwe tinkalitcha pulu rikwesiti, wina n'kuliwerenga kaye, kenaka kuvomera kapena kukubwezera. Ine zimenezi zinandikomera, chifukwa sizinkafuna kukweza dzanja kapena kuima kutsogolo.

Anandipatsa ntchito yomasulira mawu m'Chinyanja. Pamalo pomwe kachizindikiro kamazungulira foni ikufunafuna yankho, ndinalemba kuti "Dikirani pang'ono." Sindinauze munthu chifukwa chake. Ndinkangoganiza za mafoni a m'Chawama monse akulankhula ngati atate.

Wowerenga pempho langa anali mlongo wina wa ku Mtendere, yemwe sindinamuonepo nkhope. Mizere ina yonse anaivomera. Pa umenewu analemba kuti, "Mwasebenza bwino, mwaice. Koma 'dikirani' ni ya ku Malawi, bamayo ba pa pompi sibazamvela. Tiike 'yembekezani'?"

Pansi pake panali poyankhira. Ndinalemba za atate ndi za nsapato zija, n'kufufuta, poti zolembedwa pamenepo amawerenga aliyense. Pempho linakhala chitsegukire, ndipo Chinyanja chonse cha pulogalamuyo chinaima chifukwa cha mzere umodzi.

"Iwe, pempho yako izamela ndevu!" anatero mtsogoleri wa kagulu kathu. Anzanga anaseka, nane ndinaseka nditawerama.

Nditafika kunyumba ndinapeza amayi akuchapa, ndipo ndinawafunsa ngati mawu akuti "dikirani" ndi ovuta kumva. Iwo anakulira ku Kopala, dera la migodi komwe chilankhulo n'china. Anafinya chitenje.

"Naine poyamba sinenze kumvela," anatero. "Nenze chabe kuyangana pamenso pa batate bako, naziba ati nifunika kunkala pansi. Manje foni ilibe menso, mwana wanga."

Loweruka lotsatira ndinasintha. Kompyuta inaonetsa mizere iwiri, wochotsedwa uli wofiira, watsopano uli wobiriwira pansi pake. Ndinayankha kuti, "Nasintha, basisi. Zikomo." Asanathe maphunziro a tsikulo pempho linalandiridwa, ndipo mlongo uja anaikapo kachithunzi ka manja oomba. Anzanga anandigwedeza mapewa. Ndinapempha kupita panja, n'kukaima kuseri kwa holo mpaka maso atauma.

Masiku ano azimayi akamadikira madzi ndi zigubu zawo, foni imawauza kuti ayembekeze, ndipo amamva. Mlongo uja sanalakwe. Koma pulogalamu yotere siitaya zimene zachotsedwa, imazisunga m'mbiri yake. Ndikakhala ndi mabandulo ndimatsegula pempho lija, n'kutsika mpaka pa mzere wofiira. Intaneti ya kwathu imachedwa, ndiye ndimadikira.